Manambala a pa Facebook musawaunjike pa chithunzi chimodzi

Mlongo wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo. Ndiye amayang'anira tsamba la Facebook la gulu lawo la achinyamata, ndipo akuluakulu a komiti akufuna kuona mmene tsambalo likuyendera. Funso lake ndi lakuti, "Achimwene, manambala ndili nawo mbwee, ndiwaike bwanji pa chithunzi chimodzi?"

Achemwali, ambiri mwa manambalawo asiyeni. Mukatsegula Insights, gawo la manambala mu Meta Business Suite (pulogalamu yoyendetsera masamba a Facebook), mupeza otsatira tsamba, anthu amene uthenga wawafikira, ma like, zaka za otsatirawo ndi mizinda imene ali. Sankhanipo funso limodzi. Ngati komiti ikufuna kudziwa ngati uthenga ukufika kwa anthu a mu Mzuzu muno, onetsani mizinda basi. Mwina mudzadabwa kupeza kuti ambiri ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, abale athu opita kukasaka ntchito aja.

Pa zoterezi bar chart, chithunzi choonetsa manambala ndi mizati, ndiyo yabwino. Si yachilendo ayi, katswiri wina wa ku Scotland, William Playfair, anaijambula kale mu 1786. Diso limazindikira msanga mzati wautali ndi waufupi, koma limavutika kuyerekeza zidutswa za pie chart, chithunzi chozungulira chodulidwa ngati keke. Ine ndinadzionera ndekha. Ndinajambula chozungulira cha zidutswa 8, mitundu yosiyanasiyana ngati chitenje, n'kutumiza pa gulu la WhatsApp. WhatsApp imafinya zithunzi, ndiye timalemba tating'ono tija tinangosanduka utsi. Mnzanga wina ku Katoto anayesa kukulitsa ndi zala ziwiri, kenako anangoimba foni kuti ndimuwerengere.

Mizatiyo iyambire pa 0. Tinene kuti otsatira achoka pa 900 kufika pa 950. Mukayambira mzati pa 880, zidzaoneka ngati tsamba lakula katatu ndi theka, pamene mwangowonjezera anthu 50. Msungichuma wa komiti akadzazindikira, zina zonse mwalembazo sadzazikhulupiriranso.

Chenjeraninso ndi mawu akuti "anthu". Facebook imawerenga ma akaunti, ndipo tonse tikudziwa wina amene ali nawo awiri kapena atatu chifukwa anaiwala pasiwedi atasintha foni. Manambala a dziko lonse amene webusayiti ya DataReportal imatulutsa chaka ndi chaka nawonso amachokera ku zida zotsatsira malonda za makampani ngati Facebook, si kalembera. Kalembera weniweni ndi wa NSO, ofesi ya boma yowerengera anthu, ndipo wa 2018 anapeza anthu 221,272 mu mzinda wa Mzuzu. Mukafuna kuyerekeza tsamba lanu ndi nambala imeneyi, lembani chakacho pansi pake, ndi kumene nambala iliyonse yachokera.

Za zida musavutike, pulogalamu yojambulira ya Canva, yaulere ija, ikukwanira. Ngati chithunzicho n'cha pa Status ya WhatsApp, chikhale ma pixel 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali. Mutu wake unene zimene mwapeza, osangoti "Lipoti la Tsamba". Mukamaliza dzitumizireni nokha pa WhatsApp, mutuluke panja padzuwa, muone ngati chikuwerengeka pa foni yaing'ono ya amayi kunyumba.