Funsani Malume: Mwana wabwera ndi nyimbo zolaula kuchokera kumpira

Malume,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilomoni. Amuna anga ndi sapota wa imodzi mwa matimu akuluakulu a mu Blantyre muno, dzina lake sinditchula kuopa kuyambitsa nkhani ina. Chaka chino ayamba kumamutenga mwana wathu wachisamba, wa zaka 9, akamapita kusitediyamu, ndipo poyamba ndinkakondwa nazo. Koma tsiku lina ndikutsuka mbale kuseri ndinamumva akuimba uku akusewera mpira wachikulunga ndi anzake. Chuni chake ndi cha nyimbo ya kutchalitchi, koma mawu ake, Malume, sindingawalembe pano. Akutchula ziwalo za mayi a woimbira mpira. Mlongo wake atamuuza kuti akasambe, anamuyankha ndi liwu lomwelo, agogo ake ali pakhonde pomwepo. Ndinamukwapula. Akulira anati, "Nanga si adadi amaimbanso?" Nditawafunsa abambo ake anangoseka, amvekere, "Kumpira ndi choncho, zimathera konko." Kunyumba satukwana, ndi munthu waulemu wake. Kodi mwanayu ndimuletse kupita kumpira? Nanga bambowa ndiwatani?

*Mayi wodandaula, Chilomoni*

Mayi,

Mwanayo mwamukwapula kale, ndiye za chikwapu tisabwerezenso. Koma mwa anthu awiri amene anaimba nyimbo ija, mwalanga wamng'ono, ndipo poyankha iye wanena zoona. Mwana wa zaka 9 sadziwa kuti liwu ili ndi la kusitediyamu, ili ndi la pakhonde. Chimene waona n'chakuti bambo ake, omwe kunyumba amakalipa munthu akangodya choimirira, akafika pamalo ena amayamba kuimba za mayi a munthu wina, khamu lonse n'kumawavomera. Kwa iye, kukula ndi kumeneko.

Kusereulana ine sindidana nako, ndipo musandiyese mdala wofuna kuti anthu aziwonera mpira atapinda manja. Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers) akamakumana, Blantyre yonse imakoma sabata yathunthu. Kondakitala amayamba wafunsa timu yako asanakupatse chenji, ogonja amazimitsa mafoni Lolemba, ena mpaka kunamizira malungo kuti asaonekere kuntchito. Goloboyi akatulula mpira wosavuta, anthu amamufunsa ngati wadzola therere m'manja. Zimenezo ndiye ndiwo zake za mpira, ndipo mwana wanu aziphunzire ndithu.

Koma tamvetserani bwino zotukwana za kumpira, muone kuti zimagwera ndani. Woimbira walakwitsa ofusayidi, otukwanidwa ndi mayi ake, amene ali kumudzi akupalira chimanga, sakudziwa n'komwe kuti lero kuli mpira. Wosewera waphonya penate, wotchulidwa ndi mkazi wake. Mtsikana akadutsa kutsogolo kwa sitandi kufunafuna pokhala, kapena atasenza lichero la mtedza, anthu amayamba kumuwerenga thupi chiwalo ndi chiwalo, iye n'kumangoyang'ana pansi akufulumira. Ndiye musadabwe kuti liwu lija litafika kunyumba silinagwere anzake osewera nawo chikulunga, linagwera mlongo wake. Mwanayo sanangoloweza liwu lokha. Waphunziranso munthu woliponyera. Apa ndi pamene pakundidetsa nkhawa kuposa nyimboyo.

Zoti "zimathera konko" amuna anu akudzinamiza. Makolo athu nawo anali ndi malo ake a nyimbo zolaula, monga kutsimba pachinamwali, koma kumeneko ana osatha msinkhu ankawathamangitsa, ndipo zoimbidwa kumeneko sizinkaloledwa kufika pabwalo. Sitediyamu ilibe mwambo wotero. Aliyense wolipira pageti amalowa, kaya ndi mwana, kaya ndi apongozi ako, kaya abusa. Masiku anonso aliyense ali ndi foni m'manja. Tsiku lina bambowo adzadziona okha pa WhatsApp, kukamwa kuli yasa, kanema akuzungulira pagulu la kumpingo kwanu.

Pa funso lanu loyamba, ine ndikuti musamuletse. Mukamuletsa lero, mwanayo amva kuti walangidwa kawiri chifukwa cha mawu a bambo ake, ndipo mumulanda chinthu chimene ana ambiri amachisirira, chokhala ndi bambo awo Loweruka lathunthu. Nkhani ili kwa bambowo.

Muwapeze tsiku lopanda mpira. Timu yawo ikagonja ndiye musayerekeze n'komwe, simumvana. Musayambe ndi "mwandiwonongera mwana". Ingowapemphani chinthu chimodzi: ngati nyimboyo ndi yabwinobwino, aiimbe madzulo amenewo agogo aja ali pakhonde. Sadzatha. Akalephera, auzeni kuti mwana wawo anatha, ndipo anati waphunzira kwa iwo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene ayenera kukhala pansi ndi mwanayo ndi iwowo, osati inu, ndipo amuuze ndi pakamwa pawo kuti nyimbo ija ndi yonyansa, nawonso aisiya. Kenako mnyamatayo akapepese kwa mlongo wake ndi kwa agogo ake. Inu mukanena, mwanayo angoti amayi sadziwa za mpira.

Palinso za pokhala. Sitediyamu yonse situkwana mofanana. Pali mbali imene kumakhala ng'oma, mavuvuzela ndi timabotolo ta mowa wobisa m'masokosi, kumene nyimbo zimayambira. Kumeneko ndi komwenso kumachokera mabotolo ouluka, ndipo amene anakhalako akudziwa kuti si onse amakhala ndi madzi akumwa. Munthu wotenga mwana asakhale kumeneko. Ngati thumba likulola, awonjezere ndalama akakhale kwa denga, kumene anthu amachitako manyazi pang'ono, ngakhale nako alipo mabwana a pakamwa poola. Masewero a matimu akuluakulu okhaokha ayambe awadumpha kufikira mwanayo atasinkhukirapo. Ligi ili ndi masewero ambiri ozizira bwino, ndipo mpira wa atsikana ukukoma masiku ano. Mwana amene waona Temwa ndi Tabitha Chawinga akuzunguza oteteza kumbuyo amayamba kuona mlongo wake mwa mtundu wina.

Chinanso muwauze, ngakhale sichikhudza kutukwana: azifika msanga, asamalimbirane pageti ali ndi mwana. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8 anafa pa kupondana polowa m'bwalo la Bingu ku Lilongwe, ndipo 7 mwa iwo anali ana.

Bambowo akakanitsitsa kuti iwo sangasinthe, apo ndiye mwanayo ayambe watsala, ndipo muwauze poyera kuti akumutsalitsa ndi iwo. Koma nkhaniyi sinafike pa ankhoswe.

Malume,

Ine pageti ndimalipira ndalama zanga zokhetsera thukuta. Lifali akatibera masanasana, aliyense akuona, mukufuna ndingokhala duu? Mawu sapha munthu. Komanso tandiuzani, lamulo loletsa kutukwana kumpira ndi liti? Kapena ndi zongotiopseza?

*Sapota weniweni, Area 25, Lilongwe*

Mphwanga,

Ndalama zakozo zagula pokhala ndi mphindi 90 za mpira. Kuwa mpaka mawu athe, muuze lifaliyo kuti akagule magalasi, palibe akumange. Koma mayi ake sunawagule.

Malamulo alipo, ndipo si amodzi. M'malamulo a mpira wokhawo, lamulo nambala 12 limati wosewera wolankhula mawu otukwana kapena onyoza, ngakhale kungochita ndi manja, alandire kadi yofiira pomwepo. Iwe wa m'sitandi kadi sikukhudza, koma malamulo a dziko amakupeza. Kutukwana munthu pagulu mwa njira yoti ingabutse chisokonezo ndi mlandu, ndipo kunyoza ulemu wa munthu wamayi, ndi mawu kapena ndi zizindikiro, ndi mlandu pansi pa gawo 137(3) la Penal Code. Ukapitiriza kumutukwana pa Facebook ukafika kunyumba, palinso lamulo la 2016 la za pa intaneti limene limaletsa kuzunza munthu mwa njira imeneyo. Zoti apolisi kawirikawiri amangoyang'ana sizitanthauza kuti lamulo palibe.

Chimene masapota ambiri amaiwala n'chakuti wolipira zochita zawo ndi timu yomwe akuti amaikondayo. Kwa FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ndi Sulom, yoyendetsa ligi yaikulu, timu imayankha pa khalidwe la otsatira ake: chindapusa, kulandidwa mapointi, kapena kusewera pabwalo lopanda anthu. Mu 2023, masewero a Airtel Top 8 pakati pa Silver Strikers ndi Wanderers pabwalo la Bingu sanathe chifukwa cha mkangano wa chigoli cha kumapeto. Mipando inathyoledwa, ndipo amene anauzidwa kulipira mamiliyoni ndi timu, osati anyamata amene anathyola. Ndalama zimenezo zikanatha kulipira osewera.

Tsono zoti mawu sapha munthu. Ine wenzulo ndinaigwirapo m'maligi a m'maboma, pamabwalo otchinga ndi chingwe chabe, pomwe woonerera amakhala pafupi moti umamva fungo la kachasu akamakuwa. Ndikuuze mmene zimayendera. Amayamba ndi munthu mmodzi wa mawu aakulu, anthu n'kumaseka. Kenako liwu lake lija lasanduka nyimbo, mbali yonse ikuvomera. Posakhalitsa chitsononkho cha chimanga chootcha chagwa pafupi ndi wogwira mbendera, ndipo umamuona mnzakoyo akuyamba kuthamanga cha m'kati mwa mzere, diso limodzi kumpira, lina kumbuyo. Likatero botolo lili m'njira, ndipo pambuyo pa botolo ndi mwala. Sindinaonepo mwala ukuyamba pabwalo pomwe anthu anali kungoimba zochemerera timu yawo. Munthu amene mwakhala mukumuimbira ola lathunthu kuti ndi galu, kumugenda sikuvutanso. Mu Disembala 2013 pabwalo la Balaka, pa masewero a Silver ndi Wanderers, ziwawa zinabuka ndipo sapota mmodzi anataya moyo. Anachoka kwawo m'mawa kukaonera mpira basi.

Ndipo usaganize kuti kutukwana kumamuwongola woimbira. Woimbira wamantha ndiye amalakwitsa kwambiri, chifukwa m'malo moona mpira amayamba kuwerengera potulukira. Ena amapereka penate yabodza kuti akonze cholakwa choyamba, mawa ndi iwe amene ikugwere. Masewero akatha, munthu yemweyo amavala jekete kubisa yunifolomu, n'kukadikira minibasi pasiteji imodzi ndi amene amamutukwana aja.

Oimbira olakwitsa alipo, ena mwina ndi adyera ndithu, sindikuwaikira kumbuyo. Njira yake ndi yakuti timu ilembe dandaulo kwa oyendetsa mpikisano, ndipo oimbira amaimitsidwa akapezeka olakwa. Kakamiza komiti ya masapota ya timu yako kuti izitsata zimenezo.

Malume,

Ndili ndi zaka 19, ndinalemba mayeso a Fomu 4 ndipo ndikufuna kuphunzira zoimbira mpira. Bambo anga akukana, akuti sangalole mwana wawo wamkazi kumatukwanidwa ndi zidakwa. Ndiwayankhe bwanji?

*Mtsikana wa ku Chibavi, Mzuzu*

Mwanangu,

Bambo akowo sakunama, ndipo usawatsutse pamenepo. Udzatukwanidwa, kuposanso anzako aamuna, ndipo zambiri sizidzakhudza kaimbidwe kako. Koma uwauze za Bernadettar Kwimbira, Mmalawi mnzathu amene anagwira mbendera pa World Cup ya amayi ku Canada mu 2015 ndi ku France mu 2019. Naye anayambira pamabwalo omwewa.

Pita ku ofesi ya zamasewero ya m'boma lanu ukafunse za komiti ya oimbira ndi nthawi imene maphunziro a oyamba kumene amachitika. Yamba kuthamanga m'mawa uliwonse, chifukwa mayeso a mphamvu amagwetsa ambiri. Uyambire masewero a sukulu ndi a ana, ndipo usamapite wekha kubwalo lachilendo. Tsiku loyamba kugwira mbendera, uwapemphe bambo akowo akuperekeze, akakhale mbali imene iwe uziyendayo.