Kodi re- wa m'Chingerezi amatanthauza chiyani?

Achimwene, mwafunsa ngati re- amene mumamuona pa rewrite ndi refund ali ndi tanthauzo limodzi. Ayi ndithu.

Mphatikiri ameneyu anachokera ku Chilatini, ndipo ntchito zake zikuluzikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya -nso wathu uja. Ife timamuika kumapeto, kulembanso, kumanganso, pomwe Azungu amamuika koyambirira: rewrite, rebuild. Mwana akalephera MSCE n'kukalembanso, resit ndi imeneyo. Ntchito yachiwiri ndi yobwerera kapena kubweza. Return ndi kubwerera, refund ndi kukubwezerani ndalama zanu, monga mukagula wailesi n'kukapeza kunyumba kuti siikulira.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa kamzere kaja. Resign ndi kutula pansi udindo, koma re-sign ndi kusainanso. Ndiye mukawerenga kuti wosewera mpira wachita re-sign, musalire, akhalabe kutimuko. Ngakhale katchulidwe n'kosiyana: woyambayo s wake amamveka ngati z, wachiwiriyo ndi s weniweni. Chimodzimodzinso recover, kuchira, ndi re-cover, kuvekanso nsalu yatsopano mpando wa sofa wong'ambika. Ine ndinaonapo kalata ya kuntchito itaiwala kamzereko, munthu wofuna kuwonjezera kontrakiti n'kukhala ngati akutsazika.

Musamangodula re- paliponse. Pa receive alipo ndithu, koma anakanirira kalekale, moti mukamuchotsa mutsala ndi ceive, mawu osatanthauza kanthu. Pa red ndi read palibe mphatikiri n'komwe.