Kuwombera pistol pa Olympics: yankho kwa mnyamata wa ku Chinamwali

Imelo yatifika kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chinamwali kuno ku Zomba. Mwachidule akuti: "Ndinaona pa foni bambo wa ku Turkey uja akuwombera dzanja lili m'thumba, n'kupata mendulo. Amalume anga, omwe anali msilikali, akuti mamita 10 ngakhale mwana wodziwa legeni atha kulasa. Kodi masewerowa amayenda bwanji, nanga munthu wa kuno angayambire pati?"

Achimwene, amalumewo sitiwatsutsa pagulu, koma muwauze mwaulemu kuti kulasa chandamale ndi kulasa pakati pake ka 60 n'zosiyana. Bambo munawaonawo ndi a Yusuf Dikeç, omwe anapata siliva pa Olympics ya Paris mu 2024, pa mpikisano wa awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, ali ndi Şevval İlayda Tarhan. Dzanja m'thumba si matama ayi. Malamulo a ISSF, bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse, amati mfuti igwiridwe ndi dzanja limodzi, munthu ataimirira popanda chotsamira. Dzanja linalo likangolendewera limagwedeza thupi, n'chifukwa chake pafupifupi aliyense amalilowetsa m'thumba kapena kulikoleka pa lamba.

Pa pistol, mfuti yaing'ono ya m'manja, amuna ali ndi mipikisano iwiri ya payekhapayekha pa Olympics masiku ano: 10m air pistol ndi 25m rapid fire pistol. Panalinso wa mamita 50, womwe Jin Jong-oh wa ku South Korea anapambana mu 2008, 2012 ndi 2016, koma anauchotsa itatha Olympics ya Rio.

Tiyambe ndi air pistol, poti ndi pomwe aliyense amayambira. Mfutiyi siigwiritsa ntchito wonga. Pansi pa mpope wake pali kathanki ka mpweya wopopedwa mpaka 200 bar, ndipo mpweyawo ndiwo umakankha kachipolopolo ka mtovu ka mamilimita 4.5, kolemera pafupifupi theka la galamu, kamutu kafulati kuti kaziboola pepala bwinobwino. Mfuti isapose magalamu 1,500, ndipo ilowe m'kabokosi koyezera ka mamilimita 420 ndi 200 ndi 50. Trigger, kachitsulo kokanikiza ndi chala powomba, isawombe ndi mphamvu yochepera magalamu 500; oyang'anira amakolekapo chitsulo cholemera chomwecho, mfuti ikalira ndiye kuti yalephera mayeso. Galasi lokulitsa zinthu pamfuti n'loletsedwa. Zigalasi zachilendo mumaziona kumaso kwa ena zija ndi lens imodzi yowongolera diso loyang'anira, ndi kachophimba ka diso linalo.

Chandamale chili ndi mizere yozungulira 10. Kabwalo kapakati, ka mapointi 10, n'kamamilimita 11.5 m'mimba mwake, ngati batani la shati. Wopikisana amapatsidwa mphindi 15 zokonzekera ndi kuyesa, kenako zipolopolo 60 m'mphindi 75. Mapointi onse ndi 600, ndipo kuti munthu alowe mu fainolo ya anthu 8 pa Olympics amafunika kufika cha m'ma 580. Kutanthauza kuti pa zipolopolo zitatu zilizonse, ziwiri zikhale 10, chinacho 9. Mukangoponya 7 imodzi, tsiku lawonongeka.

Mu fainolo onse amayambanso pa ziro, ndipo mapointi amawerengedwa ndi tizigawo mpaka 10.9. Zipolopolo ndi 24. Pambuyo pa cha nambala 12, wotsalira m'mbuyo amatuluka, ndipo zimapitirira choncho pa zipolopolo ziwiri zilizonse mpaka atatsala awiri. Ku Paris, Xie Yu wa ku China anatenga golide ndi 240.9, kuposa Federico Nilo Maldini wa ku Italy ndi 0.9 yokha.

Tsopano pagona nkhani ndi apa, ndipo ambiri amamva mopotoka. Wowombera waluso sayang'ana chandamale. Pamfuti pali kachitsulo koimirira kumapeto kwa mpope, front sight, ndi kampata kumbuyo, rear sight. Diso silingaone bwino zinthu zitatu zotalikirana nthawi imodzi, ndiye limakhazikika pa kachitsulo kakutsogoloko, chandamale n'kumaoneka mwachimbuuzi. Chifukwa chake ndi masamu. Pakati pa tizitsulo tiwiriti pali masentimita pafupifupi 35, pomwe chandamale chili pa mamita 10, ndiye kachitsulo kakapatuka ndi milimita imodzi m'kampatamo, chipolopolo chimakagwa pafupifupi masentimita atatu kumbali. Koma dzanja lonse likamayenda pang'ono tizitsulo tili pamzere, chipolopolo chimapatuka ndi mlingo womwewo basi. Kunjenjemera pang'ono kwa mkono sikupha. Chimapha ndi diso kuthawira ku chandamale. N'chifukwa chakenso ambiri saloza pakati pa chakuda, amaloza pamalo oyera pansi pake, kuti tizitsulo takudato tizioneka bwino, ndipo amasintha rear sight kuti chipolopolo chizikwera pakati.

Chipolopolo chimodzi chimayenda motere. Mumaima cham'mbali, mapazi motalikirana ngati mapewa. Tsinzinani, kwezani mkono, tsegulani maso: ngati mfuti yaloza kumanzere kapena kumanja kwa chandamale, sunthani phazi lakumbuyo, osati kukhotetsa mkono, apo ayi minofu idzakubwezerani komwe imafuna nthawi yowomba. Kwezani mfuti pamwamba pang'ono pa chandamale mukukoka mpweya, itsitseni pang'onopang'ono mukuutulutsa, gwirani mpweya wotsalawo, chala chiyambe kukanikiza trigger mfuti isanakhazikike n'komwe. Chala chipitirize mosalekeza, molunjika kumbuyo, mpaka mfuti ilire yokha. Mukatero khalani chomwecho masekondi awiri musanatsitse, ndipo nenani mumtima komwe chagwa musanayang'ane pa sikirini.

Zikapitirira masekondi 8 kapena 10 mfuti isanalire, tsitsani muyambirenso. Maso ayamba kuchita mdima, phewa latopa, ndipo chotsatira ndi kukoka trigger mwadzidzidzi. Kwa wa dzanja lamanja, kukoka koteroko kumagwetsa chipolopolo pansi chakumanzere, chifukwa zala zinazo zimafinya limodzi ndi chala chowomberacho. Zikamakwera pamwamba chakumanja, ndiye kuti mukukankha ndi chikhatho poyembekezera kulira kwa mfuti. Woyamba kumene amathamangira kupotokola rear sight, pomwe vuto lili m'dzanja. Rear sight osaigwira mpaka zipolopolo 10 zitaunjikana malo amodzi.

Mtima nawonso umagwedeza mkono, ndipo khofi wambiri m'mawa wa mpikisano ndi mdani. Mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima, ma beta blocker, ndi oletsedwa m'masewerowa. Kim Jong-su wa ku North Korea analandidwa mamendulo awiri ku Beijing mu 2008 atapezeka ndi propranolol m'thupi. Ngati mumamwa mankhwala a BP, nkhaniyi muidziwiretu.

Rapid fire ndi ina. Apa mfuti ndi ya zipolopolo zenizeni za .22, trigger ya magalamu 1,000, zandamale zisanu zondandalikana pa mamita 25. Mumadikira mkono uli pansi pa madigiri 45, nyali yobiriwira ikayaka mumakweza n'kulasa chilichonse kamodzi, poyamba m'masekondi 8, kenako 6, kenako 4. Chochedwa ndi ziro. Posuntha kuchoka pa chandamale china kupita pa china mumatembenuza thupi kuchokera m'chiuno, osati mkono wokha. Mu fainolo zonse ndi za masekondi 4, ndipo chosafika 9.7 chimawerengedwa kuti mwaphonya. Amalume anu angakonde kumva za Károly Takács, msilikali wa ku Hungary yemwe bomba la m'manja linamuwononga dzanja lamanja mu 1938, n'kuphunzira ndi lamanzere mpaka kutenga golide mu 1948 ndi 1952.

Za koyambira. Musaitanitse mfuti iliyonse, ngakhale ya mpweya, musanapite ku Polisi kukafunsa za chilolezo. Kupezeka ndi mfuti popanda mapepala ndi mlandu, ndipo pa boda idzagwidwa. Mtengonso si wamasewera: mfuti ya Steyr, Morini, Pardini, Walther kapena Feinwerkbau yatsopano imaposa ma euro 1,000, osawerengera pampu. Kathanki kampweya kali ndi deti, ndipo kakatha zaka 10 sikaloledwa pa mpikisano, ndiye yakale muziyang'ana pamenepo. Ku Olympics munthu sadzilembetsa yekha: malo amapezedwa pa mipikisano ya ISSF ndi ya mu Africa, ndipo dzina limadutsa ku Malawi Olympic Committee. Ku Commonwealth Games kuwombera kunaliko ku Gold Coast mu 2018, komwe Jitu Rai wa ku India anapambana air pistol, koma ku Birmingham mu 2022 kunalibe.

Chomwe mungayambe lero n'chosafuna chilolezo. Matani kadontho pakhoma pa msinkhu wa phewa lanu, dzazani botolo la lita imodzi ndi madzi, imani monga tafotokozera, likwezeni masekondi 20, pumulani 40, kokwana 20, ndipo muchitenso ndi mkono winawo kuti msana usapendeke. Phewa likayamba kubaya m'kati, siyani tsiku limenelo. Onjezani kuyenda mwandawala, kaya kukwera msewu wa Ku Chawe Loweruka, kuti mtima uzigunda modekha. Mukadzapeza kalabu kapena mphunzitsi wovomerezeka, yembekezerani masabata oyamba kuthera pa kukanikiza trigger mfuti ilibe chipolopolo, mutaloza khoma loyera, ndi kuphunzira lamulo loti mfuti siilozedwa kwa munthu ndipo siichoka pamalo owomberapo popanda kachingwe kowala kolowetsedwa mumpope kosonyeza kuti ilibe kanthu.