Funsani Akatswiri: Setilaiti ingayeze bwanji kaboni wosungunuka m'nyanja?

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa Geography kuno ku Dedza. Ndamva kuti asayansi akuyeza kaboni wosungunuka m'madzi a m'mphepete mwa nyanja ya Arctic, ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, pogwiritsa ntchito setilaiti. Chinthu chosaoneka ndi maso, makina ali kumwamba angachiyeze bwanji? Ana asukulu andipanikiza nalo funsoli.
Mphunzitsi, Bembeke

Yankho: Aphunzitsi, anawo afunsa zanzeru. Setilaiti siona kaboni ayi, imaona mtundu wa madzi. Chiwerengero cha kaboniyo amachita kuchiwerengetsera.

Masamba, mizu ndi zina za m'nthaka zikamawola, mbali ina imasungunukira m'madzi. Madziwo akasefedwa pasefa ya timabowo ta ma micrometre 0.45 kapena 0.7 (ma micrometre 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi), kaboni wochokera ku zamoyo amene wadutsa ndiye amatchedwa dissolved organic carbon, mwachidule DOC. Zili ngati tiyi: masamba atsala pasefa koma mtundu wapita m'kapu. Gawo la zosungunukazi limene limapatsa madzi mtundu wofiirira limatchedwa CDOM, ndipo limameza kuwala kwa buluu ndi kwa ultraviolet. Choncho madzi a CDOM wambiri amabweza buluu wochepa, makamaka pa ma nanometre 412 ndi 443 (muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala), poyerekeza ndi kuwala kobiriwira ndi kofiira. Kusiyana kumeneku ndiko amajambula makina monga MODIS wa pa setilaiti ya Aqua ya mu 2002, amene kadontho kamodzi ka pachithunzi chake kamaimira kilomita imodzi, ndi OLCI wa pa Sentinel-3A ya mu 2016, wa mamita 300. Mu February 2024 NASA idaonjeza PACE, yomwe imasiyanitsa mitundu ya kuwala yochuluka kwambiri.

Arctic amailondalonda chifukwa ili ndi pafupifupi 1 peresenti yokha ya madzi a m'nyanja zikuluzikulu, koma imalandira pafupifupi 10 peresenti ya madzi a m'mitsinje ya dziko lonse lapansi. Mitsinje ya Ob ndi Yenisei imathira m'nyanja ya Kara, Lena mu Laptev, Mackenzie wa ku Canada mu Beaufort; nyanja zitatuzi ndi zigawo za Arctic. Mitsinjeyi imadutsa m'nthaka youndana chaka chonse, ya permafrost, yomwe yasunga kaboni woposa wa mumlengalenga pafupifupi kawiri. Nthakayo ikamasungunuka kaboni wina amatsika ndi madzi, kenaka mabakiteriya ndi dzuwa zimasandutsa wina kukhala mpweya wa carbon dioxide.

Popanda sitima ntchitoyi siingatheke. Asayansi amatunga madzi n'kuwasefa pasefa ya ulusi wa galasi yomwe idayamba yawotchedwa pa madigiri 450 kuti isathiremo kaboni wake. Botolo limodzi amalithira asidi mpaka pH 2, kuti mabakiteriya aleke kudya DOC komanso kaboni wosachokera ku zamoyo achotsedwe. Kulabotale madziwo amawotchedwa pa madigiri 680 ndipo amayeza carbon dioxide wotulukapo. Botolo lina, lopanda asidi, amayezera kuwala kumene madziwo akumeza. Zotsatirazi amazifananitsa ndi chithunzi cha setilaiti cha malo omwewo, chojambulidwa pasanathe maola ochepa, nkupanga fomula.

Fomulayo ndiye imagwetsa ambiri. Ya ku Mackenzie simungaitengere ku Lena, ndipo ya mu June imaphonya mu September, chifukwa dzuwa limafwifwitsa mtundu msanga kaboniyo akadalimo.

Mavuto ena ndi a kumwambako. Pa kuwala kofika pasetilaiti, pafupifupi 90 peresenti n'kochokera mumlengalenga, osati m'madzi, ndipo kuyenera kuchotsedwa ndi masamu. Madzi akakhala akuda ndi CDOM, buluu wotsala amakhala wochepetsetsa, moti kulakwitsa pang'ono pochotsa kumapereka ngakhale chiwerengero chochepera ziro. Dzuwa la kumeneko limayenda m'munsi, kuwala kumadutsa mumpweya wambiri, masamuwo nayamba kusokonekera. Madzi oundana ndi oyera mbuu, amawalitsa timadontho toyandikana nato. M'chilimwe chawo muli nkhungu ndi mitambo, m'dzinja lawo lozizira mdima wa miyezi. Chopweteka kwambiri n'chakuti mitsinje imasefukira kumapeto kwa May ndi mu June, itanyamula DOC wochuluka zedi, pomwe nyanja ikadali youndana. Madziwo amayenda kunsi ndi pamwamba pa ayezi, ndipo setilaiti imaphonya nthawi yofunikayo. Mapu a June a m'mphepete mwa Laptev muziwawerenga mosamala.

Funso: Bambo, nanga njirayi singathandize pa damu la Mpira kuno kwathu?
Wowerenga, Ntcheu

Yankho: Ingathandize, koma osati ndi MODIS, chifukwa damu lonse lingathere m'kadontho kamodzi pamodzi ndi mtunda. Pamafunika Sentinel-2, ya mamita 10, yomwe imabwerera masiku 5 aliwonse, kapena Landsat 8, ya mamita 30 pa masiku 16. Zithunzi zake n'zaulere pa intaneti. Pamadzi ang'onoang'ono ambiri amayerekeza kuwala kobiriwira ndi kofiira m'malo modalira buluu.

Mdani wathu kuno ndi matope. Mvula ikagwa, dothi lokokoloka limafiiritsa madzi n'kubisa CDOM, mitambo nayo n'kutseka. Mu September ndi October utsi wa moto wa tchire umasokoneza. Musanakhulupirire chithunzi, sefani madziwo: akayera, anali matope, akatsalabe ofiirira ngati a padambo, muli zosungunuka, ngakhale nthawi zina chimakhala chitsulo. Oyeretsa madzi akumwa ayenera kudziwa izi, popeza DOC amadya klorini, ndipo ziwirizi zikakumana zimapanga mankhwala osafunika otchedwa trihalomethanes. Tungani mabotolo pakati pa damu, kutali ndi gombe, pa tsiku lomwe setilaiti ikudutsa, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe.