Mafunso ndi Mayankho: Nyumba Zakale za pa Chilumba cha Mozambique

FUNSO: Akonzi, mwezi wathawu ndinapita ku Nampula kukagula katundu, ndipo ndinapezerapo mwayi wowoloka mlatho kukaona Chilumba cha Mozambique. Ndinadabwa kuona nyumba zikuluzikulu zong'aluka makoma, zina mitengo itamera m'kati mwake, koma ndinamva kuti mwini nyumba saloledwa kuigwetsa kapena kuikonza mmene angafunire. Kodi chitetezo chotere n'chaphindu lanji? Wowerenga wa ku Liwonde.

YANKHO: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Katauni kameneka, komwe kali pa chilumba chotalika makilomita atatu okha, kanali likulu la Apwitikizi m'dzikolo mpaka chaka cha 1898 pomwe boma linasamukira ku Lourenço Marques, mzinda womwe lero ukutchedwa Maputo. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaika chilumbachi pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1991. Kumpoto kwake kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, linga la São Sebastião lomwe anayamba kulimanga mu 1558, ndiponso nyumba ya São Paulo, yomwe inali sukulu ya ansembe a Chijezuiti, kenaka nyumba ya bwanamkubwa, ndipo tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale. Ife a kuno tisaiwale kuti amalonda a Chiyao ankafika kugombe limeneli ndi minyanga ya njovu kuchokera kumadera a Nyanja ya Malawi, ndipo akapolo ambiri anakwezedwa zombo pomwepo.

Lamulo lomwe lakudabwitsanilo lili ndi chifukwa chomveka. Makomawo anamangidwa ndi miyala ya m'nyanja pamodzi ndi laimu, zomwe zimamwa chinyezi n'kuchitulutsanso dzuwa likawala. Munthu akamata simenti pakhoma lotere, chinyezi chamchere chimatsekeredwa m'kati, mwala umafumbutuka pang'onopang'ono, mitanda ya denga imaola kumapeto, ndipo nyumba yomwe yapirira zaka mazana ambiri imawonongeka msanga. Madenga ake ndi afulati dala, pakuti ankakolola madzi a mvula n'kuwatsitsira m'zitsime zomanga, popeza madzi abwino ndi osowa pachilumbapo. Wochotsa denga lotere n'kukhoma malata wachotsa luso lomwe linkamwetsa banja lonse.

Komabe dandaulo lanu sindikulitaya. Laimu wabwino ndi amisiri odziwa ntchitoyi amafuna ndalama zomwe eni nyumba ambiri alibe, ndipo kuletsa munthu kukonza popanda kumuthandiza n'kumene kumameretsa mitengo munaiona ija. Chimandipweteka koposa ndi mbali ya kummwera, ya Makuti, komwe kumakhala anthu ochuluka, ena mwa iwo m'nyumba zofolera ndi masamba a kokonati. Nyumba zambiri kumeneko zili m'munsi mwa msewu chifukwa ndi pomwe ankakumba miyala yomangira nyumba za olemera, choncho mvula ikagwa madzi amadikha pakhomo. Nazonso zili m'dera lotetezedwa, ndipo mukadzapitanso mudzatsike masitepe ochokera pamsewu kupita ku nyumbazi mukaone mmene amisiri akumeneko amalukira denga.