Nyale ya Epictetus ndi mtolo wa nkhuni wa agogo

Achemwali, mwafunsa ngati pali nzeru imene munthu amaitsatiradi pa moyo wake, kumene anaitenga, komanso ngati imathandiza zinthu zikathina. Ndaona ambiri m'gulu muno pokuyankhani aponya vesi limodzi n'kuthawa. Ine nditalikitsako, mundipirire.

Aphunzitsi anga ndi awiri ndipo samvana.

Woyamba ndi Epictetus, amene ndinamudziwa mochedwa, ndili kale ndi ana. Anabadwa cha m'ma 50 AD ku Hierapolis, komwe lero ndi ku Turkey. Anali kapolo ku Rome, atamasulidwa anayamba kuphunzitsa, mpaka mfumu Domitian inathamangitsa aphunzitsi a filosofi mumzindawo. Anakatsegula sukulu ku Nicopolis, ku Greece. Mwini wake sanalembe kanthu. Zimene timawerengazi analemba ndi wophunzira wake Arrian. Mfundo yake si yovuta kumva: zinthu zili pawiri. Zina zili m'manja mwako, monga maganizo ako ndi zimene wasankha kuchita. Zina si zako ngakhale uzitche zako: thupi, chuma, udindo, zimene anthu akukunena. Mtima uziika pa zoyambazo. Ankasimba kuti wakuba atamubera nyale yachitsulo, iye anangoti mawa agula yadothi.

Nyale imeneyi inandipulumutsa mu November 2023. Ndili ndi kashopu ka hadiweya, ndipo ndinali nditasonkhanitsa ndalama kwa miyezi kuti ndikapikule katundu. Tinangodzuka kwacha yagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi yachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama zanga zinasungunuka zili m'thumba. Masiku awiri nsima sinkalowa. Tsiku lachitatu ndinatenga pepala n'kulemba mzere pakati. Mbali ina: mtengo wa dola, mtengo wa mafuta, zolankhula za andale. Mbali inayo: katundu woti ndisiye kugulitsa, mitengo yatsopano, kukambirana ndi eni nyumba za lendi. Mbali yachiwiriyi inali yaifupi mochititsa manyazi, koma ndi imene inatsegula shopu Lolemba.

Mphunzitsi wachiwiri ndi agogo anga aakazi ku Ntcheu, amene sankatha kulemba ngakhale dzina lawo. Mawu oti umunthu sindinawamvepo akuwamasulira, ndinkangoona. Akamva mfuu ya maliro ankasiya khasu pamzere pomwepo, kumanga mtolo wa nkhuni, kutapa ufa m'kambale, ulendo. Ngakhale kwa munthu amene analimbana naye za malire a munda chaka chonse, ankakagona pa siwa mpaka kuikidwa. Ndili mwana ndinawafunsa chifukwa chake, anangoti, "Iwe, maliro n'kulirana," n'kundituma madzi.

Tsono apa ndi pamene awiriwa amasemphana. Epictetus amati ukaona munthu akulira, umutonthoze, ubuule naye ngati kuli kofunika, koma m'kati mwako usabuule. Amafika ponena kuti popsompsona mwana wako uzidzikumbutsa kuti ukupsompsona munthu woti adzafa. Pa buku zimamveka zanzeru. Ndinakaziyesa pa munthu mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera ku Chilobwe. Mmisiri wina womanga nyumba, kasitomala wanga wa zaka zambiri, anataya mkazi ndi mwana usiku umodzi. Ndinakamupeza pa sukulu ina pomwe anthu ankasungidwa, atakhala pakhonde, matope atauma m'miyendo, kamwana kamene kanatsala katatsamira pa bondo lake. Ine ndi nzeru zanga za m'buku ndinati, "Limbani mtima bambo, izi sizinali m'manja mwanu." Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina. Posakhalitsa kunabwera mayi wina wachikulire, wosamudziwa n'komwe. Sananene kanthu. Anamasula chitenje chake chapamwamba, kufunditsa mwana uja, kukhala pansi pa simenti yonyowa n'kuyamba kulira. Bambo uja ndi pamene analira koyamba, ndipo atatha anapempha madzi akumwa. Ndinabwerera kunyumba nditanyowa ndi manyazi kuposa mvula.

Kuyambira pamenepo ndinawagawira ntchito. Chikatayika changa, ndimafunsa Epictetus. Chikagwera mnzanga, Epictetus ndimamusiya pakhomo n'kutenga mtolo wa agogo. Ndaona kuti mawu oti "sizili m'manja mwathu" akachoka pakamwa pa munthu wokhuta kupita kwa wovutika, amasanduka ulesi wovala jekete. Ngalande zotsekeka ndi zinyalala, mitengo yothera makala m'mapiri, zonsezo zili m'manja mwa winawake, ndipo nthawi zambiri winawakeyo ndi ife.

Koma musaganize kuti umunthu ulibe minga. Aliyense wa bizinesi m'gulu muno akulidziwa kope la ngongole. Wachibale amatenga malata, mwezi ukatha foni sayankha, ukamukumbutsa amati wataya umunthu, tauni yakuwononga. Shopu ikayenda bwino pang'ono, kumudzi kumamveka zoti unakhwimira. Kale mawu otere ankandisowetsa tulo ndipo ndinkapereka chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Kumeneko si kuchita chifundo, ndi kugula mbiri. Pamenepa kapolo wa ku Rome uja amandithandiza: zonena anthu si zanga. Panopa ndimakana poyera, munthu ndikumuyang'ana m'maso, ndipo ndikapereka ndimadziwa kuti ndafuna ndekha.

Mwina ndikumulakwiranso mkuluyu, Epictetus. Mbiri imati atakalamba anatenga mwana wa mnzake amene akanatayidwa, n'kumulera mothandizidwa ndi mayi wina. Ameneyo agogo akanamupatsa mpando.

Zoti ndimakwanitsa tsiku lililonse, ayi achemwali, ndinganame. Sabata yathayi ndinakalipira kondakitala wa minibasi chifukwa cha chenji cha K200, anthu onse akundiyang'ana. Kope la ngongole nalo likadalipo pansi pa kauntala. Tsamba la mmisiri uja ndinaling'amba chaka chomwecho, koma mlamu wanga wa malata 12 aja, ngati ali m'gulu muno, adziwe kuti lake likadali bwinobwino.