Tiagulugufe tanuto ndi Tuta, musachedwe

Achimwene mwafunsa kuti m'tizikwa mwasunga m'botolo mutuluka tiagulugufe tanji, ngati tizikwato munatola pa tomato ndiye ndi Tuta ameneyo, Tuta absoluta, kagulugufe kamene mbozi zake zimaononga tomato. Kamakhala kotuwa, timadontho takuda m'mapiko, tinyanga titalitali, kutalika kwake sikafika ndi sentimita imodzi yomwe, masana kamabisala mpaka mugwedeze tomatoyo ndi pamene timabalalika. Ka pa kabichi ndi kena, kakapinda mapiko pamsana pamaoneka mzere wa madayamondi ndipo chikwa chake ndi kaukonde koonekera mkati komata kunsi kwa tsamba. Kovuta ndi ka mbatatesi, pa chithunzi cha foni simungakasiyanitse ndi Tuta ata pang'ono, ndiye lembani pa botolopo mbewu imene munatolapo.

Ine kachilombo kameneka kanandiliza abale. Dimba langa lonse masamba anayamba zigamba zoyera kenako kuuma ngati wina wadutsitsa moto, ndinathothola masamba kupita nawo ku shopu ya mankhwala pa trading, mnyamata wogulitsayo sanawagwire n'komwe maso ali pa foni akuti bwana ichi ndi chiwawu, mapaketi awa poperani. Ndapopera, ndabwererako, wandigulitsanso ena odula kuposa oyamba aja, ndalama ya ngongole ya banki m'khonde imeneyo. Tsiku lothyola mavenda afika ndi madengu, mayi wina watenga tomato wamkulu wofiira bwinobwino, wachotsa kachipewa ka pa tsinde kaja, pansi pake timabowo ndi timanyi takuda, wamufinya kambozi kobiriwira kofiirira pamsana kali nyominyomi kutuluka. Wachiwiri chimodzimodzi. Anangoyang'anana n'kunyamula madengu awo opanda kanthu, ine chilili, madam akungosesa pamene pasali zinyalala kuti asandiyang'ane. Nditakamuuza wa shopu uja akuti mwina simunapopere bwino. Munthu ameneyo mpaka lero akugulitsabe, akunamizabe anthu!

Tinadziwira kwa mwana wanga wa ku sekondale amene anaika masamba ndi kadothi m'botolo la mayonezi n'kumanga kansalu pakamwa, mbozi zinasanduka tizikwa tofiirira, sabata ndi theka tiagulugufe tatuluka, alangizi atationa anangoti Tuta. Kanachokera ku South America, kanafika ku Spain mu 2006 n'kufalikira m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo mbozi yake imadya ili mkati mwa tsamba n'chifukwa chake mankhwala ambiri saifikira, enanso kanawazolowera.

Koma inu musakhale pansi kudikira za m'botolo, Tuta sadikira munthu. Yang'anitsani tsamba pa dzuwa, mukaona kambozi ndi timanyi mkati mwa chigambacho si chiwawu. Thotholani masamba ndi tomato wobooka mukwirire mozama, fufuzani misampha ya pheromone (ya kafungo kokopa tiagulugufe tatimuna), musinthesinthe mankhwala. Mufunse ku shopu konko akuuzani oyenera, bola musapeze wa foni ngati wanga uja. Mukaona m'botolo mwatuluka timavu ting'onoting'ono m'malo mwa gulugufe musatiphe, timeneto timapha mbozizo.